MBIRI YA D'ARCY THOMPSON, MPHUNZITSI AMENE ADAYEZA NSOMBA NDI MASAMU

Akonzi a kalata yathuyi adandipempha kuti ulendo uno ndilembeko mbiri ya munthu mmodzi wotchuka pa nkhani ya maphunziro, ndipo sindidavutike kusankha. Ndasankha malemu D'Arcy Wentworth Thompson a ku Scotland, amene adamwalira m'chaka cha 1948. Sindidaonane nawo ndi maso, koma ndili nawo ngongole yomwe ndikufuna kubwezako pang'ono lero.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Tili pasukulu, ine ndidali m'gulu la aja okonda Biology koma odana ndi masamu. Kujambula nsomba, tsamba kapena chiwala ndinkakhoza bwino lomwe, koma likangotuluka pepala la timabokosi lija tinkajambulapo magalafu, manja ankalefuka. Mumtima ndinkati zamoyo ndi nkhani ina, manambala ndi nkhani inanso. Patapita zaka, ndili kale pantchito, ndidapeza m'laibulale buku la a Thompson lotchedwa On Growth and Form, lomwe limakamba za kakulidwe ndi kaumbidwe ka zamoyo. Lidali lija lomwe John Tyler Bonner adalifupikitsa m'chaka cha 1961. Nditatsegula chakumapeto, ndidaona nsomba itajambulidwa papepala lomwe lija la timabokosi, mdani wanga wakale. Tsiku limenelo ndidazindikira kuti ndidataya chinthu chamtengo wapatali chifukwa cha mphwayi.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO

A Thompson adabadwa pa 2 Meyi 1860 mumzinda wa Edinburgh. Mayi awo, a Fanny Gamgee, adamwalira patangopita masiku owerengeka chibadwire cha mwanayo, motero khandalo lidakulira kuchikazi, m'manja mwa agogo ake aamuna a Joseph Gamgee omwe adali dokotala wa ziweto. Bambo awo, omwenso dzina lawo lidali D'Arcy Wentworth Thompson, adali mphunzitsi wa Chigiriki ndi Chilatini, ndipo pambuyo pake adakakhala pulofesa wa Chigiriki ku Galway m'dziko la Ireland. Choncho mwanayo adatengera kuwiri: kwa agogo adaphunzira kuyang'anitsitsa matupi a nyama, kwa bambo adatengera chikondi cha zinenero zakale.

Kuyambira 1870 mpaka 1877 adaphunzira pa Edinburgh Academy, ndipo m'chaka chomaliza adalandira mphotho pa zinenero ndi pa masamu pomwe. M'chaka cha 1878 adalowa sukulu ya ukachenjede ya Edinburgh kuti aphunzire udokotala, koma patatha zaka ziwiri adasamukira ku Trinity College ku Cambridge kukaphunzira za nyama. Ndalama zidali zovuta. Pofuna kupeza kangachepe, adamasulira m'Chingerezi buku la Chijeremani la Hermann Müller lonena za mmene tizilombo timathandizira maluwa kubereka. Bukulo lidatuluka m'chaka cha 1883, ndipo mawu ake oyamba adalemba ndi Charles Darwin atatsala pang'ono kumwalira. Tangoganizani, mwana wasukulu kulemberedwa mawu oyamba ndi munthu ngati ameneyo!

KU DUNDEE

M'chaka cha 1884, ali ndi zaka 24 zokha, adasankhidwa kukhala pulofesa wa Biology pa University College ku Dundee, koleji yomwe idali itangotsegulidwa kumene. Dundee udali mzinda wa mafakitale opanga ziguduli, ndipo ulusi wake ankaufewetsa ndi mafuta a anamgumi. Chifukwa cha ichi, padoko pa mzindawo pankanyamuka zombo zopita kunyanja zozizira zakumpoto kukasaka anamgumi. A Thompson adapalana ubwenzi ndi oyendetsa zombozo, ndipo iwo pobwerera ankawatengera zigoba, zikopa ndi tizilombo tam'nyanja. Mwa njira imeneyi adamanga nyumba yaikulu yosungiramo zitsanzo za nyama, momwe ophunzira ankatha kugwira fupa ndi manja m'malo mongoliona m'buku.

Boma la Britain lidawatumanso ntchito. M'zaka za 1896 ndi 1897 adapita ku nyanja ya Bering, pakati pa Alaska ndi Russia, kukafufuza za kuchepa kwa nyama zaubweya zam'nyanja zofananako ndi katumbu, zomwe zinkaphedwa mopyola muyeso chifukwa cha zikopa zake, nkhani yomwe idautsa mkangano pakati pa Britain ndi America. Kuchokera m'chaka cha 1898 adakhala membala wa Fishery Board for Scotland, bungwe loyang'anira usodzi, ndipo kwa zaka zambiri ankasanthula manambala a nsomba zogwidwa m'nyanja za kumeneko. M'chaka cha 1901 adakwatira a Maureen Drury ndipo adabereka ana aakazi atatu. Mmodzi mwa iwo, Ruth, ndiye adadzalemba buku la mbiri ya bambo ake.

Chigiriki cha bambo awo sadachitaye. M'chaka cha 1895 adatulutsa buku lofotokoza maina a mbalame zotchulidwa m'mabuku akale a Agiriki, ndipo mu 1910 adamasulira buku la Aristotle lonena za nyama. Komanso mwakachetechete ankachita chinthu chomwe anzawo a Biology ankachiona ngati chachilendo. M'kalata ina ya mu 1889 adauza wophunzira wawo wina kuti ayamba kugwiritsa ntchito masamu pofuna kumvetsa kapiringizidwe ka tizigoba ting'onoting'ono tam'nyanja. Kuchokera pa kalatayo kufikira kutuluka kwa buku lawo lalikulu padapita zaka 28. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

BUKU LA 1917

On Growth and Form lidatuluka m'chaka cha 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, ndipo lidali ndi masamba 793. Mfundo yake idali yakuti kaumbidwe ka chamoyo chilichonse kamamvera malamulo omwewo amene amalamulira madzi, thovu la sopo ndi milatho yachitsulo. Ndipereke zitsanzo zitatu.

Choyamba ndi msinkhu. Nyama ikakula kawiri m'litali, m'mimba ndi m'mwamba, kulemera kwake kumachuluka ka 8, pamene kukula kwa fupa la mwendo, mukalidula pakati, kumangochuluka ka 4. Ndiye kuti nyama yaikulu singakhale chithunzi chokuzidwa cha nyama yaing'ono, chifukwa miyendo ingathyoke. N'chifukwa chake njovu ili ndi miyendo ngati mitondo pamene gwape amayenda pa timiyendo tonga mabango. Mfundoyi adaiyamba ndi Galileo, ndipo a Thompson adaitambasula. Chachiwiri ndi chisa cha njuchi. Timapanga take tili ndi mbali 6, ndipo thovu la sopo lofanana kukula likapanikizana pamalo afulati limapanganso mbali 6 popanda wolilangiza. Chachitatu ndi nkhono. Chigoba chake chimakula pongowonjezera pakamwa pokha, ndipo chifukwa kuwonjezerako kumatsata muyeso umodzi, nkhono yaing'ono ndi yaikulu zimakhala ndi kapiringizidwe kamodzimodzi.

Koma chomwe chidatchukitsa bukuli ndi mutu wake womaliza, wa nambala 17, momwe muli nsomba zija ndidazipeza m'laibulale. Funso lake lidali ili: tingafanizire bwanji kaumbidwe ka zamoyo ziwiri zapachibale? Akatswiri a nthawiyo ankangondandalika kusiyana kwake chimodzichimodzi: iyi ndi yotalika msana, diso lake lili chakumwamba, chipsepse chake chili chakumbuyo. A Thompson adatenga nzeru yomwe katswiri wojambula wa ku Germany, Albrecht Dürer, adagwiritsa ntchito pa nkhope za anthu zaka pafupifupi 400 m'mbuyomo. Ankajambula mzere wozungulira thupi la nsomba yoyamba pa timabokosi tolingana, kenaka n'kufufuza mmene angakokere kapena kupotolera timabokosito kuti patuluke nsomba yachiwiri.

Kuti mumvetse, tengani chidutswa cha chubu cha galimoto, mujambulepo timabokosi ndi nsomba, kenaka mukoke mphirayo. Nsomba isintha, koma chiwalo chilichonse chikhalabe m'kabokosi kake. Pa tinsomba tiwiri ta pansi pa nyanja yamchere, totchedwa Argyropelecus ndi Sternoptyx, a Thompson adaonetsa kuti kungopendeketsa timabokosi, monga umapendekera mulu wa makope ukakankhidwa cham'mbali, kumasandutsa koyamba kukhala ngati kachiwiri. Pa nsomba yaminga yotchedwa Diodon adafutukula timabokosi ta kumchira, ndipo padatuluka chithunzi cha chinsomba chachikulu chobulungira chomwe lero chimatchedwa Mola. Adachitanso chimodzimodzi ndi zigoba za nkhanu, ndiponso ndi chigaza cha munthu pochifanizira ndi cha chimpanzi ndi cha nyani. Phunziro lake lidali lakuti zosiyana khumi zomwe diso limaona zikhoza kukhala zotsatira za kusintha kumodzi kokha, monga mbali ina ya thupi kukula mofulumira kuposa inzake.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, pakuti mbiri yongotamanda siphunzitsa kanthu. Timabokosi ta a Thompson tidali tojambula pamanja ndi pamaso. Sadasiye njira yeniyeni yowerengera yomwe munthu wina akadaitsata n'kupeza yankho lofanana ndi lawo, ndipo ena amene adadzayerekeza zithunzizo ndi nyama zenizeni adapeza kuti m'malo ena sizigwirizana bwinobwino. Komanso mkuluyu sadalabadire kwenikweni za chibadwa chomwe makolo amapatsira ana, ndipo ankakayika ngati mfundo ya Darwin, yakuti chilengedwe chimasankha zamoyo zoyenerana ndi malo awo, ingafotokoze kaumbidwe konse. Motero anthu ambiri ankalisirira bukulo ngati nyumba yokongola, koma olowamo n'kugwiramo ntchito adali ochepa. Mwa ochepawo mudali Julian Huxley, amene buku lake la mu 1932 lonena za kakulidwe ka ziwalo adalipereka mwaulemu kwa a Thompson, ndi Alan Turing, mmodzi mwa makolo a kompyuta, amene adatchula bukulo m'kafukufuku wake wa mu 1952.

MASIKU OMALIZA

M'chaka chomwecho cha 1917 a Thompson adasamukira ku sukulu ya ukachenjede ya St Andrews, komwe adaphunzitsa mpaka imfa yawo. Adali munthu wamtali, wa ndevu zambiri, ndipo anthu a m'tauniyo ankawaona akuyenda m'misewu chinkhwe chawo chili paphewa. Adasankhidwa kulowa Royal Society mu 1916, adapatsidwa ulemu wa Sir mu 1937, ndipo mu 1946 adalandira mendulo ya dzina la Darwin yemwe uja ankamukayikira. Ali ndi zaka 82, mu 1942, adatulutsanso buku lawo litakula kufika masamba 1,116, ndipo mu 1947 adamaliza buku la maina a nsomba za Agiriki, mnzake wa lija la mbalame. M'chaka cha 1947 adapitanso ku India ku msonkhano wa akatswiri a sayansi, ndipo chibwerere kumeneko thanzi lawo silidakhalenso bwino. Adamwalira kwawo ku St Andrews pa 21 Juni 1948 ali ndi zaka 88, atakhala pulofesa kwa zaka pafupifupi 64. Nyumba yawo ya zitsanzo za nyama ku Dundee idagwetsedwa mu 1956, koma zina mwa zomwe adasonkhanitsa zidasungika, ndipo lero zikuonetsedwa m'nyumba ina yotchedwa dzina lawo pasukulu ya ukachenjede ya Dundee.

KOMPYUTA IMALIZA NTCHITO

A Thompson adamwalira funso lawo lisadayankhidwe mokwanira. Chomwe chinkasowa chidali makina otha kuwerengera manambala zikwizikwi mosatopa. Makinawo atapezeka, padabadwa njira ziwiri zikuluzikulu.

Njira yoyamba imatsata mzere wozungulira thupi lonse. Taganizani nyerere ikuyenda m'mphepete mwa tsamba mpaka kubwerera pomwe idayambira, ndipo pa phazi lililonse wina akulemba kuti yafika pati chakumanja ndi pati chakumwamba. Kompyuta imachita zimenezi pa chithunzi cha tsambalo. Kenaka imagwiritsa ntchito masamu a Mfalansa Joseph Fourier, amene mu 1822 adafotokoza mmene mzere wokhotakhota ungaphwanyidwire kukhala mafunde osavuta ophatikizana. Kompyuta imayamba ndi mzere umodzi wonga dzira, woyandikira kutalika ndi kufutukuka kwa tsambalo. Pamwamba pake imaonjezera kadzira kachiwiri kokonza pomwe loyamba lalakwitsa, kenaka kachitatu, n'kumapitirira mpaka timano ta m'mphepete mwa tsamba titaoneka. Dzira lililonse limalembedwa ndi manambala 4, ndiye kuti mazira 20 amapereka manambala 80, ndipo manambala amenewa ndi okwanira kujambulanso masamba ambiri mooneka bwino. Akachotsamo kusiyana kwa kukula ndi kwa mbali yomwe tsamba lidaloza pojambulidwa, chotsala ndi kaumbidwe kokha. Njirayi adaifotokoza Frank Kuhl ndi Charles Giardina mu 1982, ndipo mu 1984 James Rohlf ndi James Archie adaiyesa pa mapiko a udzudzu. Imathandiza kwambiri pa zinthu zosalala monga njere, masamba, zigoba ndi timiyala ta m'khutu mwa nsomba, tomwe akatswiri a zausodzi amayeza pofuna kudziwa ngati nsomba zachokera m'gulu limodzi kapena m'magulu osiyana. Munthu amene adatumikira bungwe la usodzi zaka zonse zija akadakondwera nazo zimenezi.

Njira yachiwiri ndiyo mwana weniweni wa timabokosi tija. Pa chithunzi cha nsomba iliyonse amaika timadontho pamalo odziwika: nsonga ya mlomo, pakati pa diso, poyambira ndi pothera chipsepse, pa tsinde la mchira. Kompyuta imasanjikiza nsomba zonse, kuzilinganiza kukula ndi kuzitembenuza mpaka timadontho tayandikana mmene tingathere, ndipo kusiyana kotsalako ndiko kumayezedwa. Mu 1989 Fred Bookstein adaonetsa mmene timabokosi tingajambulidwire ndi masamu, pobwereka malamulo a mmene lata lopyapyala limapindikira. Mwa njira zonse zomwe timadontho ta nsomba yoyamba tingasunthidwire kufika pa ta yachiwiri, kompyuta imasankha yomwe imapinda latalo pang'ono kuposa zonse. Choncho anthu awiri, wina ku Zomba wina ku Tokyo, akaika timadontho tofanana amapeza timabokosi tofanana. Chomwe a Thompson ankachita ndi diso chidasanduka muyeso patatha zaka 72 chitulukire buku lawo.

NSOMBA ZA M'NYANJA YATHU

Nkhaniyi ikutikhudza ife eni ake. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chambo, utaka ndi mbuna, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Ina imafanana kwambiri moti ngakhale katswiri amasokonezeka. Mu 2003 Craig Albertson, Todd Streelman ndi Thomas Kocher adafalitsa kafukufuku wa mitundu iwiri ya mbuna. Wina, Labeotropheus fuelleborni, uli ndi kamwa yoloza pansi yopalira ndere pamiyala. Winawo, Metriaclima zebra, uli ndi kamwa yoloza kutsogolo. Adakweretsa mitundu iwiriyi, n'kuyeza nsagwada za zidzukulu zake ndi njira ya timadontho ija, kenaka n'kufufuza mbali za DNA zomwe zimayendera limodzi ndi kaumbidwe ka nsagwadazo. Zomwe adapeza zidaonetsa kuti chilengedwe chidasankhadi nsagwada zoyenerana ndi kadyedwe ka mtundu uliwonse. Taonani mmene zinthu zimatembenukira: chida chochokera kwa munthu wokayikira Darwin ndi wosalabadira chibadwa chidathandiza kutsimikiza zonse ziwiri, ndipo umboni wake udachokera m'madzi athu.

Izi si zongosangalatsa akatswiri. Mtundu wa nsomba womwe sitingathe kuusiyanitsa ndi unzake sitingathenso kuuwerenga, ndipo ukhoza kutha m'nyanja ife osadziwa kuti wapita. Ntchito yoyezayi lero sifuna chuma chambiri. Kamera, rula, kompyuta wamba ndi mapulogalamu omwe ena amapezeka mwaulere pa intaneti n'zokwanira kuyambira. Chofunika kwenikweni ndi munthu wodziwa nsomba amenenso saopa manambala.

Apa ndi pomwe ndikubwerera ku mlandu wanga uja. Ine ndidasankha mbali imodzi ndili mwana, ndipo pamene ndinkazindikira kuti mbali ziwirizo ndi nyumba imodzi, madzi adali atafika kale m'khosi. A Thompson sadalole kuti Chigiriki, masamu ndi Biology zikhale m'makola osiyana. Adalakwitsa zina, ndipo sadaone chipatso chenicheni cha mutu wawo womaliza, koma funso lomwe adafunsa lidali labwino moti lidadikira zaka zoposa 60 mpaka litapeza makina oliyankha.

Ambiri a ife tsopano tili ndi ana ndi adzukulu m'masukulu a sekondale. Wina akadzabwera kunyumba n'kunena kuti masamu alibe nawo ntchito chifukwa iye akufuna za nyama kapena za zomera, musadzakalipe. Mudzampatse chidutswa cha chubu ndi cholembera, ajambulepo timabokosi ndi chambo, kenaka akoke. Mudzamfunse kuti watulutsa nsomba yanji, ndipo mudzamuuze za mphunzitsi wa ku St Andrews uja woyenda ndi chinkhwe paphewa.

Tikaonane pa msonkhano wathu wapachaka.